Wogwira Chingwe pa Ngowe

A Rashidi Fakiri kukhala pansi sankakudziwa. Ngakhale pamaliro, pamene amuna anzawo amakhala duu mitu ili pansi, iwo amati akakhala apa pang'ono adzuke, akasuzumire okumba manda, abwereko, aime pafupi ndi ophika, kenaka akhalenso pena. Akazi awo, mayi Saida, ankauza anthu kuti mpando umene anagula chaka cha ukwati wawo ukadali watsopano, chifukwa mwini wake amangoulambalala. Malo amodzi okha amene mtima wa munthuyu unkakhazikika anali pansi pa nyanja.

Ntchito yawo inali kubira. Pagombe lawo, chakummwera kwa Ngala, ukonde ukakodwa pansi pa madzi mwini wake sankathamangira kuudula. Ankayamba watuma munthu kukafuna a Katumbu, poti ndilo dzina limene asodzi anawapatsa. Iwo ankabwera ndi magalasi akale omangidwa ndi chubu cha njinga, kampeni kali lende m'khosi, n'kutsika opanda thanki, opanda chilichonse, kudalira mpweya wa m'chifuwa mwawo basi. Ankakawonjola ukondewo ndi zala ngati mayi akumasula tsitsi la mwana, ndipo akavuuka mwini ukonde ankawagawira utaka kapena kampango.

Nyanja inawalipiritsa makutu. Lakumanzere linaphulika akadali mnyamata, ndipo lakumanja linkamva ngati wailesi yakutha mabatire. Zambiri ankazimvera pamilomo ya wolankhula. Vuto linali kunyada. Mawu akuti “mwati bwanji?” sankatuluka m'kamwa mwawo, ankangoyankha chimene akuganiza kuti afunsidwa. Munthu ankatha kuwafunsa za mtengo wa mpunga, iwo n'kumufotokozera za mwera mpaka kumuperekeza. Anthu ankaseka, ena n'kumawakumbutsa kuti safunsa anadya phula, koma nawo mwambiwo unkagwera khutu lakumanzere.

Wobira sayenda yekha. M'chiuno mwake mumamangidwa chingwe, ndipo m'bwato mumatsala munthu wochigwira. Wogwira chingwe cha a Rashidi chiyambire anali a Hussein, mnzawo wa kumadrasa, munthu wamimba, wofatsa, wokonda tiyi wa shuga wambiri. Awiriwa anali osiyana ngati mphaka ndi bakha, ndipo mwina n'chifukwa chake sanayambanepo. A Hussein analibe wotchi. A Rashidi akangomira, iwonso m'bwatomo ankagwira mpweya. Ukawathera ankapuma n'kugwiranso kachiwiri, ndipo wachiwiriwo ukatha ankakoka chingwe, mnzawo afune asafune. “Chifuwa chako chimodzi ndi zanga ziwiri,” ankatero m'khutu lakumanja lija, ndipo mawuwa anali atasanduka moni wawo.

Malo amene ankawadyetsa kwambiri anali pa Ngowe. Asodzi anapatcha choncho chifukwa pankakola maukonde ngati ngowe yothyolera mango. Ambiri ankangoti pali miyala. A Rashidi ankadziwa kuti pagona chombo chachitsulo, chagonera nthiti imodzi, pakuya ngati mapolo awiri a magetsi olumikiza. Chinamira liti, chinali cha ndani, iwo sankadziwa ndipo sankasowa nazo tulo. M'kati mwake munkakhala abombe, nsomba zikuluzikulu zandevu, pamwamba pake utaka unkapiringana ngati utsi. Kumeneko kunalibe wowaseka ugonthi, poti pansi pa nyanja aliyense ndi gonthi.

Tisabise, tinthu ankatolako. Mabawuti ena a mkuwa anathera ku maukonde a anzawo ngati miyala yomiza. Ndipo chaka china, atalimbana nalo nyengo yonse, anazulako zenera lozungulira la mkuwa, galasi lake lochindikala ngati pansi pa botolo, n'kukaliika pakhoma la chipinda chawo. Mayi Saida ankalipukuta ndi phulusa ndi mandimu mpaka kumawala. Alendo akamafunsa njira, anthu ankangoti, mukaona nyumba ya diso limodzi mwafika.

Diso lomwelo ndi limene linawaitanira mlandu. Mlendo wina wogona kumalo a alendo ku Ngala analijambula n'kuliika pa intaneti, anthu odziwa za sitima n'kuyamba kukanganirana kuti n'la chombo chiti. Pasanapite nthawi pagombe panaima galimoto ya boma. Munatsika bwana wa ndevu zambiri wa ku ofesi yoona zinthu zamakedzana, mayi wachitsikana dzina lake Angella amene ankamulembera, ndi wapolisi mmodzi. Bwanayo sanali munthu woipa. Anali ataonako kwina ogula zitsulo zakutha akuphwasula zinthu zakale za dziko n'kumazigulitsa pa sikelo, ndipo anabwera mtima uli kale m'mwamba.

Anakumana pafupi ndi matandala oyanikapo usipa, gombe lonse litasonkhana. A Rashidi anavala mkanjo wa Lachisanu ngakhale linali Lachiwiri. Mumtima ankati tsiku lafika loti boma lidziwe munthu amene wakhala akuyendera chombo chawocho zaka zonsezi. A Hussein anachedwa, anali akumaliza tiyi.

“Tamva kuti ndinu amene mumabera pamalo paja,” anatero bwanayo. “Ndi zoona?”

Tangoganizani, pamilomo yobisika m'ndevu, kubera ndi kubira zimasiyana pati? A Rashidi anatukula chifuwa.

“Zoona, bwana. Ndinayamba ndili mnyamata. Anandiphunzitsa ndi malemu bambo anga, ndipo pagombe lino palibe wondiposa. Funsani aliyense.”

Gombe lonse linafa nacho chikhakhali. Amayi oyanika usipa anagwirana mapewa, anyamata n'kumagubuduka pamchenga. Bwana uja anamva ngati mudzi wonse ukunyoza boma, nkhope n'kuchita mdima. A Hussein anafika wefuwefu n'kuyamba kufotokoza za makutu, koma madzi anali atatayika kale. Nanga zenera silinali pakhoma? Nanga mabawuti sanali pa maukonde? Mayi Angella anakweza mutu ngati akufuna kunenapo kanthu, anayang'ana bwana wawo, n'kubwerera pa cholembera.

A Rashidi anagona m'chitokosi mpaka kumapeto a sabata. Munthu wosadziwa kukhala pansi anamutsekera m'kachipinda kodzaza anthu, mopanda poponda. Anatulukamo ndevu zitachita imvi mbali imodzi, ndipo anauza akazi awo kuti bola kumira kusiyana ndi kubwereranso mmenemo. Anawatulutsa pa belo, a Hussein ndiwo anaimirira ngati mboni yowatsimikizira. Lamulo lake linali lakuti mpaka mlandu utatha, a Rashidi asalowe m'madzi a m'nyanja. Akangolowa, belo yatha, ndipo mboni nayo ikayankha.

Zenera a boma analigumula n'kupita nalo, pabowopo mayi Saida anatsekapo chiguduli. Pa Ngowe anazunguliza zigubu zachikasu zoyandama, n'kulengeza kuti pasapezeke ukonde kapena munthu. Anati akatswiri a boma abwera ndi zipangizo kudzaunika chombocho ndalama zikapezeka. Mawu amenewo kuno timawadziwa. Ndi omwe aja anatiuza za mlatho.

Kuyambira pamenepo munthu uja anasanduka chisoni choyenda ndi miyendo. Wobadwira m'madzi ankasamba ndi ndowa kuseri kwa nyumba ngati mlendo wochokera kumapiri. Anayesa kulima mpunga kudimba la alamu awo, koma ankati akapalira mzere umodzi, maso ali kunyanja. Anayesa kusoka maukonde, n'kumasiya singano pakati. M'mawa ankayenda gombe lonse kuchoka kumiyala kukafika kumabango, kubwerera, kupitanso, mapazi akulambalala thovu la mafunde ngati ndi moto. Agalu a m'mudzi anatopa kuwatsatira.

Chinthu chimodzi chokha anakana kutaya, ndicho chifuwa. Ankaopa kuti tsiku lodzaloledwa adzapezeka ali ngati wina aliyense. Choncho ankagwira mpweya pamtunda pomwepo. Ankachoka kumzikiti osapuma mpaka pachigayo. Patapita miyezi ankafika mpaka pampopi, kenaka mpaka pakhomo pawo. Mayi Saida ankawaona akulowa maso ali tong'o, misempha ya m'khosi itatupa, n'kuwafunsa ngati akufuna kumira pakhonde. Mumtima ankawamvera chisoni, koma ankathokozanso Mulungu kuti kwa nthawi yoyamba amagona osaganiza za mtembo wa amuna awo.

Mlandu unkangosunthidwa. Ulendo uno wapolisi wadwala, ulendo wina bwana wa ndevu ali ku msonkhano, ulendo winanso mafayilo sakuoneka. A Rashidi ndi a Hussein ankakwera matola kupita kukhoti n'kubwerako ndi tsiku lina. Akuti mlandu suwola, koma munthu woudikira ndiye amawola. Pagombe napo kuseka kunatha. Mafunde sawerenga zigubu zachikasu, ankakokerabe maukonde pa Ngowe, ndipo tsopano ukonde ukakodwa kunali kudula basi. Omwe aja anagubuduka pamchenga anayamba kudandaula kuti a Katumbu anawaputira tsoka ndi zenera lawo.

M'mwezi wa Julaye kunaomba mwera wamphamvu masiku angapo. Utaleka, a Hussein anapeza matchera awo, amene anatchera kutali ndithu ndi zigubu, atakokedwa n'kukakodwa pa Ngowe penipeni. Anali ukonde wawo wokhawo, ndipo pakhomo pawo panali adzukulu amasiye odya kuchokera mu ukonde womwewo. Anafika kwa mnzawo m'mawa, osalandira ngakhale tiyi, chimene mayi Saida anali asanaonepo.

A Rashidi sanadikire kupemphedwa. Anali atatenga kale magalasi. Koma a Hussein anawagwira mkono n'kuyandikira khutu lakumanja.

“Iwe ukalowa m'madzi atimanga tonse awiri, ndiye ana aja adya chiyani? Pepala la belo lija lakuletsa iwe kulowa m'madzi. Ine silinandiletse, ndipo zigubu zija zilibe maso. Lero ugwire chingwe ndiwe.”

A Rashidi anakana. Anati mimba imeneyo simira, iyandama ngati chigubu cha boma. Anati adikire, mwina mlandu utha mwezi uno. A Hussein anangoseka n'kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo akapanda kuwaperekeza apita ndi wina aliyense. Anakumbutsa mnzawo kuti paunyamata nawonso ankabira, si kuti anabadwa atagwira chingwe. Mayi Saida anaima pakhomo n'kuwalumbiritsa amuna awo kuti phazi lawo silikhudza madzi. Analumbira.

Nyanja inali bata, yosalala, dzuwa litakwera pang'ono. Ali m'njira a Rashidi anafotokoza chombo chonse ngati akufotokoza nyumba yawo. Anati asalowe mbali ya khomo, kuli abombe ndi mdima. Anati ukonde umakonda kukodwa pa chitsulo chopindika cha kutsogolo, akafike pamenepo, adule pang'ono pokha pakodwapo, abwerere. Anabwereza, anabwerezanso, mpaka a Hussein anawauza kuti gonthi ndi a Rashidiwo, osati iwo. Pomanga chingwe anachita kuwonjezera chifukwa mfundo yakale sinkakwana m'chiunomo, ndipo onse awiri anaseka. A Hussein anatchula dzina la Mulungu, anakoka mpweya, n'kumira movutikira, mapazi akuphiriphitha.

A Rashidi anachita monga ankachitira mnzawo. Anagwira mpweya. Ndipo poti ankafuna kusamala, anadziuza kuti Hussein ankandidikira zifuwa ziwiri, ine ndimudikira chimodzi chokha. Anaona kuti aganiza mwanzeru.

Chingwe chinkatsetsereka m'manja mwawo, kenaka chinaima. Anadziwa kuti mnzawo wafika. M'maganizo anali naye limodzi pansipo, akuona kuwala kobiriwira, ndere pa chitsulo, utaka ukupatuka. Kwa nthawi yoyamba chitulukireni m'chitokosi mtima wawo unakhala pansi. Anakhala m'bwatomo osagwedezeka, maso ali pamadzi, ndipo zinkawakomera. Chifuwa chija anachiphunzitsa miyezi yonseyi kuchoka kumzikiti kukafika kunyumba sichinavutike n'komwe, poti apa sankayenda, ankangokhala. Timathovu tinatuluka pambali pa bwato, tambiri nthawi imodzi. Iwo anati ndiye kuti akulimbana ndi mfundo yomaliza.

Pamene m'chifuwa munayamba kutentha, anapuma n'kukoka. Chingwe chinali gwa ngati chamangidwa kumtengo. Anakokanso ndi manja awiri, bwato n'kupendekeka. Ndi pamenepo mawu aja anawabwerera, amene anawamva kosawerengeka m'khutu lawo labwino. Chifuwa chako chimodzi ndi zanga ziwiri.

Za lumbiro, za belo, za chitokosi, palibe chimene anakumbukira. Analowa ndi malaya omwe. Madzi anawalandira ngati sanachokepo, ndipo chimenechi chinawapweteka pambuyo pake, kuti ngakhale pa nthawi ngati imeneyo thupi lawo linakondwa. Anawapeza a Hussein pa chitsulo chopindika chija. Ukonde anali atauwonjola, ntchito anaigwira bwino. Koma chingwe chinali chitadzikulunga pachitsulopo, ndipo manja awo onse awiri anali pachingwe. Zinkaonekeratu kuti anakoka n'kukoka kuitana mnzawo, koma uthenga unkathera pachitsulo.

Anadula chingwe n'kukwera nawo. Anawakankhira m'bwato, anawapsinya pamimba, anawauzira mpweya m'kamwa, mpweya umene iwo anali nawo wambiri wosowa nawo ntchito. Anapalasa kubwerera kumtunda akuitana dzina la mnzawo, osamva n'komwe kuti akukuwa motani.

Anaika maliro tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, monga mwa Chisilamu. Gombe lonse linawaona a Rashidi akutsika m'bwato zovala zikudontha, koma palibe anakanena kupolisi. Wapolisi atabwera kudzafunsa, aliyense anati mtembo unakokedwa ndi chingwe. Pamaliropo a Rashidi anakhala pamkeka kuyambira posambitsa mpaka ponyamula mtembo pa jeneza, osadzuka, osasuzumira okumba manda. Mayi Saida atamva zimenezi kwa amuna obwera kumanda anachita mantha kuposa tsiku limene amuna awo anamangidwa.

Ukonde uja anakautenga anthu ena n'kuupereka kwa mkazi wamasiye. A Rashidi ndiwo anausoka pamene panadulidwa, ndipo ulendo uno sanasiye singano pakati. Anauza akazi awo zonse za zifuwa zija, kamodzi kokha. Mayi Saida anati inali nthawi yake, Mulungu ndiye amawerenga mpweya wa munthu. A Rashidi anayankha kuti tsiku limenelo wowerenga anali iwowo.

Mvula yoyamba itagwa, galimoto ya boma inabweranso. Munali mayi Angella okha ndi dalaivala. Anawapeza a Rashidi pakhonde, atakhala pampando uja. Mayiyo anali atafunsa kale kuti khutu labwino ndi liti, ndipo anagwada mbali ya kumanja. Anafotokoza kuti mlandu wathetsedwa. Anati tsiku lija iwo anazindikira kuti panali kusamvana kwa mawu, koma anaopa kutsutsa bwana wawo pagulu, ndipo akhala akulemba makalata mpaka akuluakulu amva. Za a Hussein anali atamva, ndipo anapepesa. Kenaka ananena chimene anabwerera. Ndalama zija zapezeka. Akatswiri akubwera mwezi wamawa ndi matanki ndi makamera, koma chombocho sakuchidziwa, ndipo akufuna munthu wowatsogolera pansipo. Adzalipidwa, ndipo zenera lija likaikidwa kosungira zinthu zakale, pansi pake padzalembedwa dzina lawo.

“Tikukupemphani kuti mudzabire nafe, bambo,” anatero, akutchula liwulo pang'onopang'ono, milomo ili poyera.

A Rashidi anasendeza khutu lakumanja pafupi.

“Mwati bwanji?”

Mayi Saida, amene anali pakhomo ndi lichero, anatembenuka. Zaka zonse za ukwati wawo mawu amenewo anali asanawamvepo m'kamwa mwa amuna awo. Mayi Angella anabwereza zonse kuyambira pachiyambi, mokweza, ndipo a Rashidi anamvetsera mpaka kumapeto osadula. Chimene analakalaka chaka chathunthu, akuyenda gombe ngati wamisala, chinali chitawapeza pakhonde. Anayang'ana kunyanja, kumene zigubu zachikasu zinali zitayamba kusuluka ndi dzuwa, kenaka pa msomali wa pakhonde pamene panali chingwe chija, chofupika tsopano, mfundo yowonjezera ikadali pomwepo.

“Ndamva, mayi,” anatero. “Nanga chingwe adzandigwirira ndani?”